Apongozi M'chipinda cha Seva

Pakampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba panali katswiri mmodzi yekha wa makompyuta, ndipo anthu ankangomutchula kuti Wamawaya. Kwa miyezi yambiri detabesi ya kampaniyo, momwe ankasungamo mitengo ndi kaundula wa katundu, inkayenda ngati yadwala nyamakazi. Kalaliki akafunsa mtengo wa misomali, ankapita kukamwa tiyi n'kubwerako yankho lisanatuluke.

Wamawaya anafufuza mpaka anapeza vuto. Seva, kompyuta yaikulu yomwe munkakhala detabesiyo, inali ndi memori yambiri, koma detabesi inkaloledwa kachigawo kochepa chabe, zina zonse n'kumakazitapa pa disiki. Anaikulitsira gawo lake, analetsa makinawo kumathamangira ku disiki memori ikadalipo, anawonjezeranso mafayilo omwe angatsegulidwe nthawi imodzi.

Tsiku lomwe ankayatsanso seva, apongozi ake aakazi, omwe ankakhala nawo pakhomo, anatulukira ku ofesi. Ankachokera kuchipatala, miyendo itatupa ndi kutentha, makiyi a kunyumba ataiwala. Wamawaya anawapatsa mpando m'chipinda cha seva, poti ndi mokhamo munali mozizira.

Detabesi inayamba kuuluka. Bwana wamkulu anabwera kudzaona chachitika, n'kupeza mayi wachikulire atavula nsapato, mapazi atasanjika pa bokosi la seva.

"Amayiwa abwera liti?" anafunsa bwanayo.

"Angofika kumene, bwana. Koma chasintha ndi memori, ndaikonza ine."

"Memori inalipo chaka chatha. Amayiwa kunalibe."

M'mawa mwake bwanayo anawatumizira amayiwo galimoto.

Wamawaya anayesa kufotokoza pamsonkhano, mpaka kujambula pa bolodi. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu. Kenako kalaliki wina anati bwanji amayiwo atuluke kaye, anthu adzionere okha. Apongozi atangotuluka, ofesi yonse inathamangira pa makompyuta, aliyense kuitanitsa lipoti lalikulu kwambiri lomwe ankalidziwa, onse pakamodzi. Seva inabuula n'kuima. Amayiwo atalowanso, anthu anasiya kudinadina, zonse zinayenda myaa.

"Mwaonatu," anatero bwana, osakweza n'komwe mawu.

Kuyambira pamenepo, apongozi akapita kuchimbudzi mlonda ankalengeza, anthu ankayesa, seva inkaimadi. Anawagulira mpando wofewa, bulangete ndi kakhadi kovala m'khosi. Wamawaya anauzidwa kuti asamakhudze kanthu asanawapemphe.

Tsiku lina anaima patsogolo pawo, manja kumbuyo.

"Amayi, ndimati ndisinthe mmene ikulembera pa disiki."

Apongozi anasiya zoluka zawo, n'kuika chikhatho pa seva ngati akumva kutentha kwa mwana.

"Lero ayi, mwananga. Yatopa. Mubwere mawa."

Wamawaya anafika kunyumba mtima uli m'mwamba, n'kumukhuthulira mkazi wake zonse. Mkaziyo anamvetsera akupinda zovala.

"Koma mwaona kuti amayi sakusunthanso mipando m'nyumba muno? Akafika amangodya n'kukagona. Ngakhale za kametedwe kanu anasiya."

Wamawaya anayang'ana pabalaza. Mpando wake unali pomwe anausiya m'mawa, pafupi ndi zenera.

Patapita nthawi, bwana anaganiza zochepetsa ntchito ya amayiwo. Anati mwina mphamvu yawo imatsalira m'chipindamo, ndiye aziweruka masana. Tsiku loyamba kuyesa zimenezo, galimoto itangotuluka nawo pageti, Wamawaya anatseka chitseko, nakhala pansi n'kubweza memori ya detabesi pa kachigawo kake kakale. Anachita mosamala, monga amachitira ntchito zake zonse. Posakhalitsa anamva bwana pakhonde akuuza mlonda kuti aimbire dalaivala abwerere.