Chotchinga cha a Tepi

Lamulo latsopano linafika kukhoti papepala, koma chotchinga chake sichinafike. Pepalalo linati mkazi wodandaula kuti anagwiriridwa azipereka umboni asakuonana ndi amene akumuimba mlanduyo. Kalaliki wa khotilo analiwerenga kawiri, n'kuyang'ana mabenchi asanu ndi fani yosazungulira ya m'chipindamo, kenako anawoloka msewu kukapeza kalipentala.

Kalipentalayo anthu ankawatcha a Tepi, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo ngakhale pa ukwati wa mwana wawo. Anali munthu wa makabati. Ukawatuma kampando, ankakubweretsera kampando ka madilowa awiri. Kalaliki anangoti pakufunika chinthu chotchinga mboni pofika Lachinayi, ndipo apo ndi pamene anaphonya, chifukwa a Tepi ukapanda kuwaikira malire amapita mpaka matabwa atha.

Mboniyo a Tepi ankaidziwa. Anali mayi wachitsikana wogulitsa pakauntala musitolo imene iwo ankagulamo misomali, ndipo woimbidwa mlandu anali mwini sitoloyo. Mayiyo anali ataimirira kale m'khoti kawiri, ndipo kawiri konseko analephera kupereka umboni. Bwanayo ankangomuyang'ana uku akugogoda thabwa la benchi ndi mphete yake, monga ankachitira pomuitanira kukaofesi ka kuseri kwa sitolo. Woweruza anali atachenjeza kuti Lachinayi likadutsanso popanda umboni, mlanduwo authetsa.

A Tepi zinkawapweteka mumtima, ndipo chisoni chawo chonse chinathera m'matabwa. Anakhoma mbali zinayi, denga ndi chitseko. Mkati anaikamo kampando, kokolekapo kachikwama ndi kashelefu ka kapu ya madzi. Makoma anawakuta ndi siponji ndi nsalu, kuti mwana wa eni akatsamira asamve kuuma. Akazi awo atasuzumira anafunsa ngati chinali chimbudzi cha woweruza, ndipo a Tepi sanawalankhule mpaka mawa lake.

Lachinayi m'mawa chinthucho chinawoloka msewu pamapewa a amuna anayi, magalimoto ataima. Pakhomo la khoti chinakana kulowa, moti a Tepi anazula chitseko cha khotilo n'kuchitsamiritsa kukhoma. Kalaliki anangogwira pakamwa.

Woweruza, mayi wa magalasi amene kuntchito sankaonetsa mano, anachizungulira kamodzi, n'kuchitsegula, n'kuchitseka. Kenako anafotokoza mwaulemu kuti iye ayenera kuona nkhope ya mboni, maloya onse awiri chimodzimodzi. Wosafunika kuiona ndi munthu mmodzi yekha. A Tepi anati imeneyo si nkhani, aboola mawindo atatu, ndipo anali atayamba kale kukoka tepi kulowera kumphuno kwa woweruza pamene wapolisi anawagwira mkono.

Loya wa bwana uja sanachedwe. Anali munthu wokonda kumva mawu ake omwe, ndipo anayenda ulendo wautali asanafike pa mfundo yake: popeza chabwerachi ndi kabati, osati chotchinga, mlandu upitirire monga kale, apo ayi uthe. A Tepi anaona kuti luso lawo lomwelo ndi limene limuphere mayi uja mlandu, ndipo anachita manyazi kwambiri.

Mayiyo anali ataima pakhonde ndi achemwali ake. Woweruza anamuitana n'kumufunsa ngati angalowe m'kabatimo mawindo akabooledwa. Iye anasuzumira mkati, anayang'ana kampando kaja ndi denga, kenako anabwerera m'mbuyo.

"Mayi woweruza, kaofesi kaja kanali kochepa chonchi," anatero motsitsa mawu. "Kanalinso ndi chitseko chimodzi. Ine sindilowamo. Bwanji alowemo iwowo? Nanga wobisidwa ndikhale ine, ndinalakwa chiyani?"

Woweruza anatenga pepala lija n'kuliwerenga milomo ikugwedera. Atamaliza anati lamulo likungonena kuti awiriwa asaonane, silikutchula woti atchingidwe. Loya uja anadzukanso, akuti kasitomala wake ayenera kumva zonse ndiponso kulankhula ndi loya wake. Apa a Tepi anayankha asanafunsidwe.

"Bwana loya, kumva amva. Ndinaboola timabowo ta mpweya makumi awiri. Chitsekochi ndi masikuluwu anayi basi, ndichotsa, mbali yotsegukayo iyang'ane kwa inu. Muziwaona mpaka muwatope."

"Chotsani, bambo," anatero woweruza, ndipo wina akanalumbira kuti mlomo wake unanjenjemera pang'ono ngati ukufuna kumwetulira.

Vuto linali lakuti kabatiyo anayezera mayi wochepa thupi, pamene mwini sitolo anali munthu wa mimba yotsogola. Analowa cham'mbali, atapuma mpweya wonse, batani limodzi n'kuthothoka. Atakhala, mawondo anagunda khoma. Jekete lake analipachika pokolekera kachikwama paja. A Tepi, amene moyo wawo wonse ankapepesa akaphonya muyezo ndi kachidutswa kokha, anafufuza mumtima mwawo mawu opepesa, koma sanawapeze.

Lamulo lomwelo linkatinso anthu osakhudzidwa atuluke, ndipo wapolisi anawakusira onse panja. Koma khoti lopanda chitseko silitsekeka, choncho a Tepi anatsala pakhomo akubwezeretsa chija anazula. Kuchokera pamenepo ankaona zonse ziwiri: mayi uja ataima poyera, moyang'anana ndi woweruza, achemwali ake ali pambali, ndi phewa la bwana uja m'kabati.

Woweruza anamuuza kuti ayambe akakonzeka. Mayiyo anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. A Tepi anasiya kupotokola sikuluwu. Ndipo anaona dzanja la bwanayo likukwera pang'onopang'ono, chala cha mphete chitapindika, n'kumenya khoma la kabati. Linamenya kamodzi, kawiri, kachitatu mwamphamvu. Siponji ija inameza zonse.

Mayi uja sanamve kanthu. Anayang'ana woweruza m'maso.

"Linali Lachiwiri," anatero, "titangotseka sitolo."

Zotsatira zake sizinali za makutu a a Tepi, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Anamanga sikuluwu yomaliza, anatuluka, n'kukoka chitseko mpaka chinatsekeka bwinobwino. Anakhala pabenchi ya pakhonde, kachitseko ka kabati kali pamiyendo. Mawu a mayiyo sankamveka kuti akuti chiyani, koma ankamveka kuti sakuima.