Mpunga wa Goloboyi

"Kamizola khumi ndi imodzi, kuphatikizapo bola wachikopa! Amene akuti tinaluza akayezetse mutu!"

Mawuwo anali a Asani, ndipo mlongo wake Subira anawamva bwinobwino ngakhale anali m'nyumba, chitseko chili chotseka. Anakhala pamkeka, mpango woyera kumutu, monga akhalira mkazi amene mwamuna wake waikidwa m'manda dzana. Panja, pansi pa mtengo wa mango, panadzaza amuna. Subira ndiye anawaitanitsa kuti akambirane chinthu chimodzi basi: adule ndani mpunga wa malemu mwamuna wake, Bakari, umene unali utacha kudambo la Chiuta, mpheta zikuchitira phwando. Dzuwa linali litakwera, koma mawu oti mpunga anali asanatuluke pakamwa pa munthu aliyense.

Bakari anali goloboyi wa timu ya asodzi a ku Chiuta kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kusuzumira m'ndevu. Apwitikizi atafikitsa njanji ku Entre Lagos, antchito a kumeneko anayambitsa timu yawo, yokhala ndi zonse kupatula munthu wodziwa kugwira mpira. Asani, amene ankatsogolera timu ya Chiuta, anaonapo mwayi. Anapereka mlamu wake weniweni, n'kulandira mpira ndi malaya osewerera, amene kuno amati kamizola. Bakari anangopopa njinga yake n'kuyamba kupalasa kupita ku ntchito ya njanji imene inabwera ndi kusinthanako. Patapita zaka ziwiri anasewera pamvula, chibayo chinamugwira, ndipo sichinachedwe naye.

"Che Asani, musatipusitse," anatero msodzi wina wokalamba, wa timu ya Chiuta yomweyo. "Chichokereni Bakari, pagolo pathu pali Waziri. Munthu uja ndi ukonde wobooka. Ngakhale nkhuku ingamugoletse."

"Koma timaoneka ngati anthu! Kale tinkasewera chifuwa pamtunda ngati achule."

"Chifuwa pamtunda tinkawina. Lero timaluza titatchena."

Amuna anaseka, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro, natsokomola. Subira analuma mano. Ana ake awiri anali aang'ono, oti sangainge ngakhale mpheta imodzi. Mpunga umenewo ndiwo unali chakudya chawo cha chaka chonse. Iye mwini anali mu eda, miyezi imene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala pakhomo osapita kutali, ndipo apongozi ake, mayi Hamida, anakhala pafupi ndi chitseko ngati mlonda.

"Amayi, tapitani mukawakumbutse," anatero Subira.

Mayi Hamida anatuluka, nagwada chapatali, nanena mwaulemu. Asani anakweza dzanja.

"Tifikapo, amayi, tifikapo. Nkhani imayenda ndi ndondomeko yake."

Ndondomekoyo inapereka mwayi kwa Bwanausi, kapitawo wa njanji amenenso ankatsogolera timu ya ku Entre Lagos. Anaimirira, nakonza chipewa chake, nayamba ndi kupepesa maliro. Chipepesocho chinali chachifupi ngati mchira wa mbuzi.

"Malemu anali munthu wabwino, Mulungu awalandire. Koma choonadi chinenedwe. Munatipatsa munthu mawondo atatha. Tinagwirizana zaka zitatu, wasewera ziwiri. Ife tikuona kuti kamizola zinayi zibwerere."

Pansi pa mango panaphulika phokoso. Amene ankanyoza Asani posachedwapa tsopano anali kumbali yake. Wina anati a njanji ndiwo anapha Bakari pomuseweretsa pamvula. Wina anati mawondo otha omwewo ndiwo anaimitsa Chiuta osagoletsa chaka chathachi. Bwanausi anavomera monyadira, osazindikira kuti akudzitsutsa yekha.

Masiku amenewo kunali nkhondo kumpoto, ndipo amuna akasonkhana, shefi wa posito, mkulu wa boma la Apwitikizi m'deralo, ankatuma sipayo, wapolisi wake, kuti akamvetsere zokambidwa. Sipayoyo anali atatsamira njinga yake kumapeto kwa bwalo, nkhope ili gwa. Anapirira mpaka pamene wina ananena kuti penate imene Bakari anagwira ku Insaca inali yongomuwomba pamimba.

"Bodza!" anakuwa sipayo, nagwetsa njinga. "Ndinalipo ine! Anauluka munthu uja!"

Apa Subira zinamufika pakhosi. Boma lenilenilo lalowa nawo mkangano, ndiye atsala ndani?

"Achimwene!" anaitana ali m'nyumba, mawu okwera kuposa mmene mkazi wa mu eda amayenera kuyankhulira.

Asani anabwera pakhomo akupukuta thukuta.

"Mlongo wanga, usadandaule. Tikukamba za mwamuna wako yemweyo."

"Mwamuna wanga mwamukwirira dzana. Ine ndikunena mpunga."

"Mpunga suthawa."

"Suthawa, koma mpheta zikuuluka nawo. Munamugulitsa ali moyo, ndinakhala chete. Lero wafa, mukumugulitsabe?"

Kwa kanthawi Asani anaoneka ngati zamulowa. Koma kumbuyo kwake Bwanausi anati kamizolazo zinali za nsalu yabwino yochokera ku Nampula, ndipo Asani anatembenuka ngati walumidwa ndi mavu.

"Nsalu yabwino? Zinasuluka titangochapa kamodzi!" Anabwerera kumtengo akuthamanga.

Subira anaimirira. Anamanga chitenje mwamphamvu m'chiuno.

"Ukupita kuti?" anafunsa mayi Hamida.

"Kudambo."

"Mwana wanga, eda! Mwamuna wako sanazizire n'komwe m'manda. Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati, amayi? Awo ali panjawo? Zidzukulu zanu zidzadya eda?"

Mayi Hamida anaima pachitseko, manja atatambasula. Subira sanafune kukankha mayi amene wangotaya mwana, koma sanafunenso kuona ana ake akupempha chakudya m'makomo mwa eni. Anagwada n'kukoka thumba la zipangizo za Bakari pansi pa bedi, kuti atengemo kampeni ka iye mwini kodulira ngala za mpunga. Zina zonse aziona ali ndi mpeni m'manja.

Thumbalo linali lolemera kuposa masiku onse. Atalikhuthula, panagwa mitolo iwiri. Mtolo uliwonse unali wa timipeni tatsopano, topangidwa ndi zitsulo zomangira mabokosi a katundu wa pasitima, zogwirira zake zokulungidwa bwino ndi mphira. Tinali tambiri, tokwanira amuna onse anali panjawo. Mtolo wina unamangidwa ndi kansanza kobiriwira ngati kamizola za Chiuta, winawo ndi kofiira ngati za njanji.

Subira anakhala pansi. Anakumbukira sabata yomaliza ija, Bakari akutsokomola kuseri kwa nyumba, mwala wonolera uli pakati pa miyendo, kwee kwee tsiku lonse. Anamukalipira kuti munthu wodwala agone. Bakari anangoseka n'kunena kuti, "Kudzabwera anthu ambiri pano. Asadzakhale manja lende." Subira ankayesa kuti ndi kutentha kwa thupi kukumuyankhulitsa.

"Ndipatseni njira, amayi. Sindidutsa pakhomo."

Mayi Hamida anayang'ana mitoloyo, napatuka. Subira anatsegula chitseko, naima zala za kumapazi zili pamzere weniweni wa khomo. Anaponya mtolo wobiriwira pamapazi a Asani, wofiira pamapazi a Bwanausi. Fumbi linabuka, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo pansi pa mango panati zii.

"Goloboyi wanu wakusiyirani izo," anatero. "Munda mukuudziwa."

Bwanausi anamasula mtolo wake, nayesa mpeni umodzi pachikhadabo. Anazindikira kuti chitsulocho ndi cha kunjanji kwake komwe. Asani anagwira kansanza kobiriwira nthawi yaitali osayang'ana munthu. Msodzi wokalamba uja anapukuta maso ndi chipewa.

Chete wa anthu a mpira sakhalitsa.

"Ife a Chiuta titenga chigawo cha kumunsi, kuli madzi," anatero Asani, mawu akadali osalongosoka. "Anthu a njanji angamire."

"Timire ife?" Bwanausi anayamba kuvula nsapato. "Tidzamaliza chigawo chathu inu mukadapinda mathalauza. Tikapambana, kamizola zinayi!"

"Mukaluza, musadzazitchulenso mpaka kufa!"

"Pakati pa munda ndikaima ine," anatero sipayo akudzutsa njinga yake. "Wodumpha malire ndimumanga."

Anatsika njira ya kudambo ali m'magulu awiri, akukanganabe, Waziri ali pambuyo atanyamula matumba a onse. Phokoso lawo linamveka mpaka atabisika m'bango.

Subira anatseka chitseko n'kuyamba kubwezera zipangizo m'thumba. Pansi penipeni anapeza kampeni kake kaja, kamene ankafuna poyamba, katakulungidwa pakokha m'kansalu koyera. Anakayesa pachala. Mipeni yonse ija Bakari anainola mpaka kung'anima, koma ka mkazi wake anakasiya dala kobuntha, kuti asadzapite kukadula mpunga.