Tiki ya a Shabani

Chichokereni ku mzikiti Lachisanu lija, a Shabani sanakhazikike. Shehe analalikira za anthu oba pa sikelo, ndipo ngakhale sanatchule dzina, iwo anamva ngati akulozedwa chala.

Ntchito yawo inali kugula golide kwa makorokoza, anthu okumba mumtsinje kuseri kwa komboni ya pafamu. Kasikelo kawo kanali ka mbale ziwiri: uku fumbi la golide, uku tiki, ndalama yasiliva yakalekale imene malemu bambo awo anawasiyira. Bambowo anati imalemera galamu imodzi ndi mapointi anayi, ndipo kwa zaka makumi awiri a Shabani sanaiyesepo. Ndani amayesa mawu a bambo ake? Makorokoza ankadutsa ogula ena n'kudzaima pakhomo pawo, iwo n'kumadziguguda pachifuwa kuti anthu amatsata chilungamo.

Nanga ikapezeka kuti tikiyo ndi yolemera kupitirira? Ndiye kuti akhala akubera amphawi zaka zonsezi. Mantha anawagwira. Ankakhala pansi, kudzuka, kukasuzumira mbuzi zosadwala, chala chili m'thumba kutikita tiki ija monga ankachitira nthawi zonse mtima ukakhala m'mwamba.

Lolemba anakwera kombi ya ku tauni ya Concession, kwa Yvonne, mayi amene ankamugulitsa golide wawo. Kumeneko golideyo ankaperewera nthawi zonse, iwo n'kumanamizira moto woyengera.

"Mwanangu, tandiyesera iyi."

Yvonne anapukuta sikelo yake yamagetsi, n'kuikapo tiki. Manambala anavinavina, kenako anaima.

"Imodzi ndi pointi imodzi, sekuru. Yatha iyi. Onani, ngakhale nkhope ya mfumu sikuonekanso. Mumainyambita kapena?"

A Shabani anapumira m'mwamba. Sanabere munthu. Chala chawo chomwe ndicho chinadya silivayo pang'onopang'ono, ndipo ankalipira golide amene sanalandire. Anachita manyazi, komabe anabwerera mtima uli m'malo.

Pakhomo anapeza Januario, korokoza wokalamba, akudikira ndi kabotolo kake ka golide. A Shabani anamufotokozera zonse, kuyembekezera kuti adabwa. Januario anangoseka mpaka kutsokomola.

"Mwadziwa lero, mudhara? Ife tonse kumtsinje timadziwa. Chaka ndi chaka imanka ipepuka."

"Ndiye munkabwera chifukwa cha tiki?"

"Nanga tikanadutsa masikelo atatu kudzaona ndevu zanu?"

A Shabani anakhala pa mpando wawo. Zinawapweteka kuposa ulaliki wa shehe. Zaka makumi awiri akuyesa kuti mzere wa pakhomo pawo ndi ulemu, chikhalirecho anthu ankangotsinana. Osazindikira n'komwe, dzanja linalowa m'thumba, chala chinayamba ntchito yake.

Januario analiyang'ana dzanjalo, natsegula kabotolo kake.

"Tikitani, mudhara," anatero. "Ine sindikufulumira."