Manja a Atcheya

Pa phiri lonse la Zomba eni mahatchi anali asanu okha, koma anali ndi bungwe, malamulo olembedwa ndi wapampando. Atcheyawo anali a Cuthbert, amene anapuma ntchito m'boma koma pakamwa pawo sipanapume. Anali ndi mahatchi anayi onenepa, ndipo palibe amene anawaonapo atakwera ngakhale imodzi. Luso lawo linali kuima pambali pa hatchi n'kujambulitsa.

Farida ankawanyoza mumtima, ndipo sankadziona wolakwa. Iye anali ndi hatchi imodzi yaikazi, Chifunga, imene malemu mwamuna wake Latif anamusiyira. Ndiyo inkanyamula alendo kuzungulira damu la Mulunguzi. Chifunga anali atakalamba, ndipo bere la miyezi isanu ndi inayi limene anali nalo linali lomaliza. Mwanayo akanapanda kubadwa, khola la Latif likanathera pomwepo.

Matenda anayambira m'khola la membala wina, a Macdonald. Mahatchi awo awiri anatentha thupi, kutsokomola, mamina ali chuchuchu. Dokotala wa ziweto, mayi Phoebe, anakwera phiri n'kuitanitsa eni mahatchi onse.

"Kachilomboka kamayenda m'mamina," anatero. "Kamakwera m'manja, m'zovala, ngakhale ku nsapato. Hatchi ya bere ikakatenga imapoloza. Chonde, aliyense akhale kukhola kwake. Musayenderane."

A Cuthbert anagwedeza mutu mwaukulu, nalemba zonse m'kabuku. Mawuwo analowa m'kabukumo n'kugona momwemo.

Patapita masiku atatu hatchi imodzi ya a Macdonald inafa. Atcheya anati maliro n'kulirana, navala suti yakuda, natenga mamembala awiri kukapepesa. Atapepesa analowa m'khola kukazonda yodwala yotsalayo, naipukuta mamina ndi mpango wawo wa m'thumba, wina akujambula. Chithunzicho chinafika pa foni ya Farida chili ndi mawu akuti, "Utsogoleri ndi chikondi." Farida anatsonya. Munthu wa masukulu onse aja, nzeru zake n'kuchepera za nkhuku!

Ola lisanathe galimoto ya atcheya inaima pachipata chake. Farida anali ataikapo kale beseni la madzi a klorini ndi sopo.

"Mayi Farida, tabwera kudzakulimbikitsani," anatero a Cuthbert.

"Zikomo, atcheya, koma ticheze pompano. Mukafuna kulowa, mupondemo umu, musambenso m'manja."

A Cuthbert anayang'ana beseni, kenako nsapato zawo zonyezimira. "Ine? Mukundiyesa ng'ombe yopita ku dipi? Malemu Latif sakanandiimika pachipata ngati wogulitsa makala. Kodi pakhomo pano mipando inatha?"

Dzina la Latif linamufooketsa. Kwawo anamulera kuti wamkulu saimikidwa padzuwa, ndipo miyendo yake inamvera maleredwewo mutu usanavomere. Anathamangira m'nyumba kukatenga mpando woti awaikire kunja kwa chipata.

Potuluka anapeza chipata chili pululu. A Cuthbert anali kukhola, dzanja lili pamphuno pa Chifunga, akumudyetsa karoti wochokera m'thumba lomwe lija la mpango.

"Chokani!" Farida anakuwa, mpando n'kugwa.

"Taonani, akundidziwa," anatero atcheya akumwetulira. "Nyama imadziwa munthu wabwino."

Farida anamutsuka Chifunga kumphuno mpaka manja ake anachita dzanzi. Anapemphera. Tsiku lachisanu Chifunga anatentha thupi, kenako anaoneka ngati wachira, ndipo Farida anayamba kudzinamiza kuti zadutsa. Sabata yachitatu, m'mawa akubwera ndi ndowa ya madeya, anapeza mwana ali pa udzu, wonyowa, wosapuma. Anali wamwamuna, wa banga loyera pamphumi ngati amake. Chifunga ankangomunyambita.

Mayi Phoebe anati amukwirire mozama. Farida anakumba yekha kuseri kwa mikungudza, akulira ndi mkwiyo. Ankakwiyira a Cuthbert, koma ankadzikwiyiranso yekha chifukwa cha mpando uja.

Akubwerera ndi khasu anamva galimoto ya atcheya. Suti inali yomwe ija, nkhope atayikonza kale kuti ioneke ya chisoni. Kumbuyo kwawo membala wina anali atakweza foni.

"Mayi, tamva zovutazi," anayamba a Cuthbert. "Matendawa ndi osamvetseka, amangoyenda ngati mphepo. M'malo mwa bungwe lonse, pepani." Anatambasula dzanja pamwamba pa chipata.

Farida analiyang'ana dzanjalo, lofewa, la mphete yagolide. Anayang'ananso ake, a dothi ndi magazi a mwana uja. Kungoligwira, madzulo omwewo atcheya akanakasisita mahatchi awo anayi pojambulitsa, ndipo akanadziwa mmene khasu limalemerera. Mtima wake unafuna, unafunadi.

Anabisa manja kumbuyo.

"Sindikupatsani moni, atcheya. Manja angawa agwira matenda, ndipo mahatchi anu sanandilakwire."

A Cuthbert anatsala dzanja lili m'malere. Kenako analibweza, nalipukuta ndi mpango, natembenukira kwa anzawo.

"Mwaona?" anatero. "Mayi ameneyu alibe mwambo."