Mapilitsi M'chitini cha Mabatani

Chifuwa cha Atelala chinabwereranso mwezi wachitatu chiyambire kulandira mankhwala, ndipo chinabwera ndi ukali. Akayamba kutsokomola, makina osokera ankaima, kasitomala n'kubwerera m'mbuyo mpaka pakhomo. Malaya amene anadzisokera okha anayamba kulendewera m'mapewa. Akazi awo, mayi a Kabatani, zinawaimitsa mutu. Munthu womwa mankhwala tsiku ndi tsiku angamaonde bwanji chonchi?

Umboni woti akumwa unalipo. Pa shelefu, pakati pa simbi ndi mulu wa nsalu, panali kabokosi koyera kochokera kwa ochita kafukufuku a ku yunivesite. Atelala atapezeka ndi chifuwa chachikulu, anamwino anawapempha kuti alowe nawo m'kafukufuku woona ngati kabokosi kotere kangathandize odwala kumwa mankhwala osadumphitsa. Mapilitsi ankakhala m'kati mwake. M'mawa uliwonse kankalira, ndipo munthu akatsegula, kankatumiza uthenga ku kompyuta ya kuchipatala. Wodwala akapanda kutsegula, anamwino ankamuimbira foni. Atelala sanaimbiridwepo ngakhale kamodzi. Anamwino ankawatama pamaso pa odwala anzawo kuti ndiwo chitsanzo, iwo n'kumangoweramitsa mutu.

Chipepala cha kafukufukuyo chinali cha masamba anayi. Anamwino anawawerengera, koma tsikulo mutu wa Atelala unali pa matenda, ndiye ankangoti eya pa chilichonse. Anasaina, n'kuchipinda, n'kuchiponya m'dilowa ya makina.

Lachitatu lina kasitomala anabweretsa jekete yakale yothothoka batani. Mayi a Kabatani, amene ntchito yawo m'shopumo inali kusita ndi kusokerera mabatani, anasakasaka lofanana nalo osalipeza. Anagwada n'kukoka chitini chakale chimene chinkakhala pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Anachitsegula. Pamwamba pa mabatani panali mapilitsi ochuluka, osakwana m'manja awiri.

Anadikira kasitomala atuluke. Kenako anaika chitinicho pa makina, pamwamba pa nsalu imene amuna awo ankasoka.

"Bambo a Kabatani, mabatani awa ndi a malaya ati?"

Atelala anachotsa phazi pa chopondera. Poyamba anafuna kukalipa, ati mkazi wanji wofufuza zinthu za mwamuna, koma chifuwa chinawadula mawu. Chitatha, anafotokoza motsitsa. Patapita milungu isanu akumwa mankhwalawo, maso anayamba kuona mwachimbuuzi. Ulusi unkakana kulowa pa singano. Anawakumbutsa akazi awo za madiresi obiriwira a ana a sukulu amene anawasoka ndi ulusi wofiira, aphunzitsi n'kuwabweza onse. Tsikulo mayi a Kabatani anaseka, n'kunena kuti ukalamba wafika msanga. Sikunali kukalamba. Atelala sankasiyanitsanso chofiira ndi chobiriwira. Ndiye anasiya kumwa. Kabokosi kakalira ankatsegula, n'kutapa mapilitsi a tsikulo, n'kuwaponya m'chitini.

"Telala wotsokomola amasoka," anatero. "Nanga telala wakhungu adyetsa ndani?"

"Bwanji osawauza anamwino?"

"Ndinasaina, mayi. Ndikanena, mwina andikakamiza kumwa mpaka maso afe, mwina andilanda kabokosi n'kundifufuta m'buku la chipatala. Ndiponso mmene amanditamira muja, ndikayambire pati?"

Manyazi anapha lambe. Munthu wamkulu, wodziwa kuyeza thupi la mnzake osaphonya ngakhale inchi, anasankha kunamiza kabokosi n'kumawola m'chifuwa. Mayi a Kabatani anakwiya, koma mantha anaposa mkwiyo. Kuseri kwa katani, kumene banjali linkagona, mwana wawo wa zaka zinayi, Kabatani, anali atagona masana dzuwa likuswa mtengo. Kabatani anali mwana wosakhazikika, wokonda kukhala pansi pa makina n'kumatola tizidutswa ta nsalu. Koma kwa milungu iwiri tsopano ankakana chakudya, thupi likutentha, ndipo nayenso anali atayamba kakutsokomola kouma. Diresi yake yachikasu bambo ake anali ataibweza kale m'chiuno kamodzi, akumati mwana akutalika.

Mayiwo sanapitirize mkangano. Anabereka mwana, n'kunyamula chitini. Atelala anawaletsa kawiri. Ataona kuti akazi awo afika kale pamsewu, anatseka shopu n'kuwatsatira, akupumira panjira.

Kuchipatala, m'kachipinda ka kafukufuku, anamwino anawalandira ndi chimwemwe, kompyuta ili yotsegula. Pa dzina la Atelala panali mzere wodzaza bwino, wopanda tsiku lodumpha. Mayi a Kabatani anakhuthula chitini pa tebulo. Mapilitsi ndi mabatani zinamwazika mpaka pansi.  Atelala ankadikira kukalipiridwa.

"Bambo, vuto la maso limene mukunenali timalidziwa," anatero anamwino. "Amodzi mwa mankhwala anuwa amatero kwa anthu ena. Mukananena tsiku lomwelo, adokotala akanawachotsa n'kukupatsani ena. Kulakwa kwina ndi kwathu. Ine ndimayang'ana kompyuta n'kumakondwa, osakufunsani kuti thupi likuti bwanji."

Anatulutsa chipepala chofanana ndi chija cha m'dilowa, n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Munthu amalowa m'kafukufuku mwa kufuna kwake. Ali ndi ufulu wofunsa chilichonse. Akaona chachilendo m'thupi, anene msanga. Akafuna kutuluka, atha kutuluka tsiku lililonse, ndipo chithandizo chake cha kuchipatala chipitirira monga kale. Kusaina si kudzigulitsa. Pamunsi panali nambala ya foni ya komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, yoti munthu aimbe ngati ofufuzawo sakumumvera.

Anawonjezanso kuti bodza la kabokosi silikanathera m'shopu mwawo. Zotsatira za kafukufuku zimawerengedwa ndi anthu okonza chithandizo cha odwala ambirimbiri. Ofufuza akanalemba kuti bambo uyu anamwa mankhwala onse koma sanachire, ena akanaganiza kuti mankhwalawo ndi opanda mphamvu. Akanalemba kuti kabokosi kakuyenda bwino, odwala ena obisa mapilitsi sakanadziwika mpaka kumanda.

Tsiku lomwelo adokotala anayeza maso a Atelala ndi timakadi tamitundumitundu, n'kutenga makhololo. Panali mantha akuti kachilombo kazolowera mankhwala chifukwa chosiyira panjira. Zotsatira zitabwera, mwayi unalipo: mankhwala anali akugwirabe. Koma anayenera kuyambiranso pachiyambi, popanda aja owononga maso, ndipo ulendo uno miyezi inali yambiri kuposa poyamba.

Za Kabatani ndizo zinawathyola mafupa. Anapezeka nacho chifuwa chachikulu. Adokotala sanaloze munthu chala, koma Atelala anadziwa kumene chinachokera. Munthu akamamwa mankhwala mokhulupirika, posakhalitsa amaleka kupatsira ena. Iwo anakhala milungu yonse ija akutsokomolera m'chipinda chimodzi ndi mwana. Atabwerera kunyumba anatenga diresi yachikasu ija kuti aibwezenso kachiwiri, chifukwa inkangovuka m'mapewa. Anaika tepi m'chiuno mwa mwana wawo, n'kuwerenga nambala, misozi n'kugwera pa tepipo. Mayi a Kabatani sanawatonthoze. Sanawanyozenso.

Miyezi imene inatsatira inali yowawa. Makasitomala ena anathawa. Mwana ankalira ndi mankhwala, nthawi zina n'kusanza. Anamwino anafunsa Atelala ngati akufuna kutuluka m'kafukufuku, iwo anati ayi, atsala, koma tsopano azinena zonse. Ndipo ankanenadi, mpaka anamwino ankaseka kuti bambo awa akayetsemula kawiri foni ilira. M'mawa kabokosi kakalira, bambo ndi mwana ankamwa limodzi, mayi ataima pomwepo ndi kapu ya madzi.

Chitini chija chinasinthanso kafukufuku. Ofufuza anayamba kufunsa wodwala aliyense za maso, za m'mimba ndi za khungu, osangodalira kompyuta. Anapeza anthu ena awiri amene ankatsegula kabokosi osamwa, mmodzi chifukwa cha nseru, wina chifukwa cha kuyabwa. Onse anathandizidwa nthawi isanathe. M'lipoti lawo analemba momveka kuti kutsegula kabokosi si kumwa mankhwala, ndipo makina sangalowe m'malo mwa kucheza ndi wodwala.

Kabatani ndiye anayamba kuchira. Atelala anatsatira pambuyo. Mitundu inabwerera m'maso mwawo pang'onopang'ono, ngakhale diso lamanzere silinayere ngati kale. Tsiku limene adokotala anawauza kuti chifuwa chatha, anafika kushopu n'kupeza mwana akulimbana ndi diresi yachikasu, ikukana kutsika m'mimba. Anatenga kalezala, n'kumasula misoko iwiri ija, woyamba ndi wachiwiri. Ulusi wachikasu woisokeranso anausankha okha.

Masiku ano anamwino akamalandira odwala atsopano, nthawi zina amaitana Atelala kuti alankhule. Iwo sachulutsa gaga m'diwa. Amaika chitini pa tebulo n'kunena kuti:

"Mukalowa m'kafukufuku, musasaine chimene simunamve. Funsani, safunsa anadya phula. Mankhwala akakuvutani, musasiye mwakachetechete, kaneneni tsiku lomwelo. Muli ndi ufulu wotuluka, ndipo palibe angakumaneni chithandizo. Ofufuza safuna kuti muwasangalatse, amafuna zoona. Ine ndinanamiza kabokosi, koma amene analipira ndi mwana wanga."