Apamwamba ndi Apansi

Hudson Kamanga anali ndi matenda amodzi: akadziwa kanthu, dera lonse la Chibavi limve. Ankagwira ntchito pa kafakitale kopaka zinki pa ndowa kuti zisachite dzimbiri, ndipo zinkamuwawa kuona madzi otsukira akutayidwa ndi zinki yemwe. Ndiye anapeza njira. Ankathira madziwo m'botolo, kuwonjeza mafuta a palafini osakaniza ndi mankhwala, n'kukhutchumula. Botolo likakhala phee, mafuta ankayandama atatenga zinki yense, madzi n'kutsala pansi.

Loweruka lina anaima pakhonde kufotokozera mkazi wake Selina, mokuwa ngati ali pa ulaliki.

“Mwaona, amayi? Apamwamba ndi apansi sagwirizana ayi. Ukangowagwedeza, apamwamba amalanda chuma chonse, apansi n'kutsala opanda kanthu!”

Kalanga ine! Iye ankanena mafuta ndi madzi, koma mpanda wa udzu udziwa sayansi? Kuseri kwake wina ankayanika zovala, makutu ali tcheru.

Lolemba madzulo anatulukira a Jasper Nyirongo, tcheyamani wa chipani m'deralo, nkhope ili gwa. Selina anangoti manja kumutu. Masiku amenewo mawu ngati a Hudson aja ankakweza munthu galimoto yosabwerera.

“Monire, a Kamanga. Tamva kuti mukuphunzitsa zogawa anthu. Apamwamba olandawo ndani?”

Hudson anachita mantha enieni. Anatola botolo lija n'kulikhutchumula ndi mphamvu zonse, mafuta ndi madzi mpaka kusanduka chinthu chimodzi chotuwa.

“Bwana, anthu anamva theka. Phunziro langa ndi la umodzi. Taonani! Wapamwamba ali kuti? Wapansi ali kuti? Onse ndi amodzi!”

A Nyirongo anasuzumira, nkhope n'kumasuka. “Eee! Umodzi weniweni! Yewo chomene. Tapitirizani, ndione bwino.”

Apa mpamene panali nkhani. Botolo lija ukangolitula, silichedwa: mafuta pamwamba, madzi pansi, mlandu n'kubwerera pamaso pa tcheyamani. Hudson anapitiriza kukhutchumula. Dzanja lamanja litatopa anasinthira lamanzere, thukuta lili kamukamu, mano ali pamtunda ngati akusekerera.

Selina, pofuna kukometsa zinthu, anatulutsa tiyi ndi chinangwa chophika. Mayi iwe! A Nyirongo anavula jekete, kukoka mpando, n'kuyamba mbiri ya sukulu yawo kuchokera sitandade wani.

“Khalani pansi, a Kamanga, tiyi akuzizira. Tulani botololo.”

“Ayi bwana, umodzi sufuna kupumira.”

“Mawu amenewo!” anatero a Nyirongo, akuwomba m'manja. “Loweruka kuli msonkhano wa chipani. Mudzaime kutsogolo ndi botolo lanuli kuyambira m'mawa mpaka titseke, anthu aone.”

Hudson anayang'ana mkazi wake, misozi ili m'maso, mkono ukugwedezabe botolo.

“Selina,” ananong'ona, “usawathirirenso tiyi wina.”