Nsapato za Amuna Anga

Chifikireni m'dziko lino, amuna anga sankavula nsapato. Kudya ali nazo, kugona ali nazo. Chikwama chomwe tinathawa nacho nkhondo chinkakhala kuseri kwa chitseko, chomangamanga. Belu likangolira, iwo dzambatu.

"Bambo a ana, nkhondo ilibe adiresi yathu," ndinkawauza. "Mukungondidetsera zofunda."

Kunja ankakana. Ati anthu akuno ukawapatsa moni amayang'ana foni, basi yokwera siidziwika, chilankhulo chimakola lilime. Munthu amene kwathu anali telala wa mzere pakhomo ankangokhala pawindo, n'kumaonda ndikuona. Mayi wauphungu wa ku ofesi ya othawa kwawo anabwera kuti amve zakukhosi kwawo. Iwo anangomufunsa ngati amathira shuga mu tiyi.

Tsiku lina nsapato yakumanja inayasamula.

"Bweretsani ndikasoketse pansipa," ndinatero.

"Nanga zikavuta ndili wopanda nsapato?"

"Ndiye tiyeni nazo. Mapazi ndi anu."

Anatsika masitepe atandigwira mkono ngati tikukadalitsa ukwati. Wosoka nsapatoyo, mkulu wadazi, msomali uli pakamwa, anawalozera mpando. Chilankhulo chake sitinkachimva, koma chala chinanena zomveka: vulani. Amuna anga anayang'ana chitseko, kenako ine.

"Vulani, akuluakulu. Zikavuta ndikuberekani."

Anavula. Sokosi zibowo zokhazokha! Mkulu uja anaseka, n'kutulutsa phazi lake mu silipasi: nayenso chala chachikulu chili pamtunda.

Ine ndinapita kukagula sopo, ndipo ndinachedwa dala. Pobwera ndinapeza amuna anga ali pa makina osokera akale apakona, phazi la sokosi likupalasa, akuika zipi pa chikwama cha kasitomala. Awiriwo anali akukangana za ulusi, aliyense m'chilankhulo chake.

"Tiyeni, nsapato zatha," ndinatero.

"Tsogolani, mayi. Munthuyu zipi amazipha. Ndisiye zinthu zili chonchi?"

Sindikunena kuti anachira. Belu likalira amadzidzimukabe, chikwama chija chilipobe, ndipo mayi wauphungu amabwerabe. Masiku ano tiyi amazizira amuna anga akulankhula. Koma madzulo a tsiku la zipi lija nsapato zinagona pakhomo, ndipo m'mawa zinatsika zokha masitepe ndi mwini wake.

Vuto latsala ndi langa: fungo la mapaziwo. Ndawagulira beseni lawolawo.